Nthiti za Malemu Wilson

Mitundu,
9 Malichi 2024

Achimwene a Chipulumutso,

Landirani moni wa kuno kumudzi. Ine ndili bwino, Dorica nayenso ali bwino, kungoti nsapato munamutumizira zija zamuthina kale. Mwanayu akukula ngati bonongwe wa padzala. Kaya inu kumeneko ndi mitu yanu ya nyama.

Ndalemba kalata m'malo moimba foni chifukwa foni yanga ndimakatchajitsa pagolosale ya mwana wa a Efulemu, amalume a amuna anga aja, ndipo uthenga uliwonse umene wafika amayamba waumva iyeyo, ine n'kudzaumva kuchitsime. Iyi ndapatsira a Blessings, onyamula katundu wa ku Joni aja.

Nkhani ndi iyi: alamu anu a Wilson apezeka. Musathamangire kusangalala, apezeka mafupa.

Mukukumbukira kuti anachoka pano pa njinga ya amalume awo a Efulemu, ati akukaotcha makala ku Dzalanyama sabata ziwiri. Dorica anali kumsana. Lero Dorica ali sitandade 3 ndipo sabata ziwiri zija sizinathebe. Mwezi wathawu ootcha makala ena anapeza msasa wakale mkati mwa nkhalango: jombo imodzi, mphika wobooka, chitsulo cha njinga, ndi mulu wa mafupa pambali pake. A Efulemu ataona njingayo anaizindikira ndi pamene anawotcherera kaliyala, ndipo analira mokweza. Mpaka lero sitikudziwa ngati ankalira mwana wa mlongo wawo kapena njinga. M'thumba la mafupamo sanasuzumiremo, paja iwo mtembo amauonera patali.

Mmene ndakhalira pamudzi pano mukudziwa. Ananditenga chitengwa, ndipo a Efulemu analumbira kuti popanda manda sadzandisudzula, ati mkazi wa munthu wamoyo sametedwa. Sindine wamasiye, sindine wapabanja, ndangokhala ngati mbuzi yomangidwa pamtengo mwiniwake atasamuka. Kwathu ku Nathenje kuli a Noah, okhoma ndowa pasiteji aja, amene akazi awo anamwalira. Akhala akundidikira, koma ndi mkulu wa mpingo, sangatenge mkazi wosasudzulidwa. Imvi zayamba kuwamera ine ndikuona. Ndatopa, achimwene, ndikuuzeni zoona.

Tsono akuluakulu agwirizana kuti tikakolola tiike maliro, timete, ine andisudzule. Mafupa akusunga ndi apongozi anga, mayi Zipora, m'thumba la feteleza kuseri kwa chitseko. Ndakuikiranimo zithunzi zake zimene ndinatsukitsa pa Mitundu, kuti muone kuti sindikupeka. Tithandizeni pa bokosi ndi nsalu yakuda. Bokosilo lisakhale lalikulu, munthuyo wachepa.

Ndine mlongo wanu,
Enelesi


Pafamu, Limpopo,
6 Epulo 2024

Achemwali anga a Enelesi,

Kalata yanu yandipeza ndili bwino, ngakhale yafika itatopa. A Blessings anakhalitsa paboda ndi matumba a ufa a eni ake.

Zithunzi zija ndinaziyala patebulo pamene timayalapo mafupa a makasitomala, ndipo ndinaseka mpaka mnzanga wa ku Zimbabwe anandimenya kumsana poganiza kuti ndatsamwa. Mundikhululukire. Kumudziko mumati ntchito yanga ndi yophika mitu yoti sidyedwa, koma lero mitu yomweyo yakupulumutsani. Azungu akapha nyama, ife ndife timaiwiritsa, kuchotsa mnofu, n'kulumikiza mafupa kuti akakoleke pakhoma. Fupa ndikaliona ndimadziwa mwiniwake, ngati mmene inu mumadziwira chitenje cha mnzanu pachingwe.

Tengani chithunzi choyamba. Chibade chophwatalala chija, cholimba ngati khasu, ndi mutu wa mlamba. Timafupa tozungulira tili pambali pake, tokumbika uku ndi uku ngati timitondo, ndi msana wa nsomba. Kodi alamu anali ndi zipsepse?

Fupa lotambalala lokhala ndi kamtunda konga mpeni pakati ndi chifuwa cha mbalame, pamene pamagwira minofu youlukira. Ndikuganiza kuti ndi nkhanga. Ataliatali aja mukawathyola mupeza mkati muli mphako ngati bango, kuti mwiniwake asalemere m'mwamba. Anthu ouluka kwathuko alipo, sindikukana, koma amagwiritsa lichero.

Nsagwada yaitali ija ndi ya ng'azi. Onani mano ake: pafupifupi onse ofanana ngati misomali ya m'paketi imodzi, ndipo nsagwadayo ndi yolumikizalumikiza. Zokwawa zimatero. Ife oyamwa, kaya munthu kaya mbewa, nsagwada yam'munsi ndi fupa limodzi mbali iliyonse, ndipo mano anagawana ntchito: odulira kutsogolo, ong'ambira pambali, operera kumbuyo. Pakona ya chithunzicho pali kafupa ka mphanda ngati legeni. Chimenecho ndi chiuno cha chule. Ameneyo nthiti zooneka alibe n'komwe, ndipo ndikukhulupirira kuti anafika pamalopo ali m'mimba mwa ng'aziyo.

Woyamwa m'thumbamo alimo mmodzi yekha, nguluwe. Nthiti zake zimanamiza chifukwa zimafanana ndi zathu, koma mano opindikawo ndi mafupa a ziboda zaulula.

Mwachidule, achemwali, pamene anatolapo mafupawo ndi padzala pa msasa. Mukufuna kuika m'manda osati a Wilson, koma ndiwo zimene a Wilson anadya. Ubwino wake apolisi sangakumangeni, palibe lamulo loletsa kusunga mutu wa mlamba.

Ootcha makalawo akupusitsani, mwina akufuna kangachepe. Mtima unandiwawa kuganiza kuti mlongo wanga akugwada n'kumalira pamaso pa chule. Kuti musavutike ndi kufotokoza, ndalemberanso a Efulemu kalata yonga yomweyi, ndi zojambula zomwe, kuti asawononge mbuzi ndi chimanga pachabe. Za a Noah tidzakambirana ndikabwera pa Khirisimasi. Dorica ndamutumizira nsapato zina, zokulirapo dala.

Mlongo wanu,
Chipulumutso


Nathenje,
14 Epulo 2024

Achimwene,

Yankho lanu silinafike, koma sindikudandaula, ndikudziwa kuti a Blessings amayenda ngati mvula ya chaka chino. Ndili kwathu kuno masiku awiri, ndabwera kudzaona denga la nyumba ya malemu amayi ngati lingandisunge.

Tsiku lakhazikika: Loweruka lomaliza la Juni. A Efulemu apereka mbuzi, chinthu choti sichinachitikepo chibadwire chawo. Adzukulu okumba manda auzidwa kale.

Dzulo a Noah anandipatsa moni pamsewu, ndowa ziwiri zatsopano zili m'manja. Ndinawafunsa mtengo, iwo anati, "Mayi, izi sizogulitsa, ndikusungira nyumba ina yake." Ndinayang'ana pansi ngati wamasiye woleredwa bwino, koma ndinafika kunyumba ndikuimba nyimbo ya kwaya yoti si ya pamaliro. Ndasangalala, achimwene, ndipo ndilibe wina womuuza kupatula inu.

Musaiwale bokosi.

Enelesi


Mitundu,
2 Meyi 2024

Iwe Chipulumutso,

Moni ndikupatsa chifukwa amayi anatiphunzitsa, osati chifukwa ukuyenera.

Kalata yako ndawerenga kawiri, kachiwiriko nditakhala pansi. Ndani anakufunsa? Ndinapempha bokosi, iwe wanditumizira sukulu. Ukuganiza kuti ndinkagwadira chule? Ine thumbalo ndinalisuzumira kamodzi, tsiku lojambula zithunzi zija, ndinaona zimene ndinaona, n'kulimanganso bwinobwino. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Iwe m'mimba mwako muli zii, ukudya soseji ya azungu, ndiye wabwera kudzanditsekera chitseko changa.

Ati tidzakambirana pa Khirisimasi. Ndi ma Khirisimasi angati amene andipitirira ndikusesa bwalo la munthu amene mwina ali ku Tete ndi mkazi wina ndi ana a mphuno zake? A Noah abale awo ayamba kuwaonetsa mayi wina wa ku Kamphata, wa mano onse, odulira ndi operera omwe. Chaka chino chikatha popanda manda, avomera, ndipo sindingawadzudzule. Munthu sangadikire mpaka ndowa zichite dzimbiri.

Kalata ya a Efulemu, a Blessings akuti anaisiya kwa apongozi anga poti eni ake anali ku okushoni ndi fodya. Abwera mawa kapena mkuja, ndipo akangoiwerenga mbuzi ija ibwerera m'khola, ine n'kubwerera pamtengo panga. Apongozi chilandirire kalatayo sanandiyankhule, amangondiyang'ana. Amenewa ndi mayi wa munthuyo, Chipulumutso. Mayi amene akugona ndi thumba lija kuseri kwa chitseko, iwe wamutumizira nkhani za legeni.

Ndikadzakalambira pamudzi pano n'kufa, udzabwere udzandiwiritse, undikoleke pakhoma, ulembe m'munsi mwake kuti woyamwa.

Enelesi


Mitundu,
5 Meyi 2024

Bambo Chipulumutso,

Ndine Zipora, mayi wa Wilson. Zilembo zanga ndi za sukulu ya kwacha, muwerenge mofatsa. Kuno tili bwino. Chimanga chapsa ndi dzuwa koma tikolola kena.

Kalata imene munalembera alongo anga a Efulemu inafikira m'manja mwanga. Ndinaitsegula, poti m'nyumba mwanga simukhala chinthu chomata. Nditawerenga ndinayatsira moto. Zojambula zanu zinayaka bwino.

Wilson ndinamubereka ine. Ndinamusambitsa ine, ndipo ndikudziwa kuti analibe mapiko. Musaganize kuti nkhalamba yapenga. Koma ndikufunseni. Mwana wanu atachoka osabweranso, inu n'kumadzidzimuka njinga iliyonse ikaliza belu kumsewu, chaka ndi chaka, ndiye wina n'kukubweretserani mafupa amene iye anakukuta ndi mano ake, mungataye? Nkhanga ankaikonda kuyambira ali mwana. Miyendo yake ankaiswa ndi mano n'kuyamwa za mkati, ine n'kumamukalipira kuti adzagweruka mano. M'thumbamo ndinapeza miyendo yoswedwa momwemo. Ndinadziwa kuti pamalopo anakhalapodi mwana wanga, ndipo tsiku limenelo anakhuta. Chimenecho ndicho ndikufuna kuika.

Ngati ali moyo, ndi wakufa amene amadya. Ngati anafa, anafa. Konsekonse mlongo wanu alibe mlandu. Ine ndidikira poti ndine mayi, ndilibe kothawira. Nanga iyeyu adikirirenji? A Efulemu akufuna manda, tiwapatse manda.

Tsono vuto ndi adzukulu. Iwo ndiwo adzaike mafupa m'bokosi, ndipo adzukulu a kuno mukuwadziwa, amaseka ngakhale pamaliro a abusa. Akadzaona mutu wa mlamba, nkhani idzafika ku Likuni dzuwa lisanalowe, ndipo Enelesi adzafera pano.

Inu mwati mafupa mumawadziwa. Chabwino. Ndiuzeni oti ndichotse ndi oti ndisiye, kuti chotsalacho chioneke ngati munthu. Maso anga ndi ofooka, ndiye mufotokoze zoti ndikhoza kumva ndi zala. Muyankhe msanga, ndipo osati kudzera mwa a Blessings.

Ndatha ine,
Zipora


Pafamu, Limpopo,
30 Meyi 2024

Mayi,

Ndikhulupirira muli bwino. Makalata atatu anafika tsiku limodzi: yachimwemwe ya achemwali, yonditukwana ya achemwali omwewo, ndi yanu. Ndinawawerenga motsatana. Nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi, ine ndaviika ndi mbale yomwe. Pepani, mayi.

Chitani chonchi, pamphasa, chitseko chili chotseka.

Chilichonse chokhala ndi dzino chotsani, dzino silisunga chinsinsi. Mitu yonse ichoke. Wina akafunsa za mutu wa malemu, nenani kuti afisi a ku Dzalanyama sasiya mutu. Fupa lililonse muliyeze padzanja: likapepuka ngati phesi ndi la mbalame, lichoke. Timafupa timene chala chanu chikulowa mbali zonse ziwiri ndi ta nsomba, tichoke pamodzi ndi minga. Mupezanso timafupa ta msana tambirimbiri tomka tichepa, umenewo ndi mchira wa ng'azi, ndipo munthu wa mchira adzukulu sangamuike mwaulemu. Chiuno cha chule ponyani kutali. Mafupa a ziboda nawonso atsate.

Mutsala ndi nthiti za nguluwe, mafupa akuluakulu a msana, ndi a m'khosi. A m'khosiwo musawaope kuchuluka kwake. Nguluwe ili nawo asanu ndi awiri, munthu asanu ndi awiri, ngakhale nyamalikiti ndi khosi lake lonse lija ndi asanu ndi awiri omwewo. Pamenepo Mulungu sanafune kudzivuta. Muwakulunge m'bulangete pamodzi ndi jombo ija, mumange nokha, adzukulu angolandira mtolo. Akaumirira kumasula aona nthiti ndi msana, ndipo msana tonse tili nawo.

Miyendo ya nkhanga yoswedwa ija musataye. Ilowetseni mkati mwa jombomo, mutseke ndi kansalu. Palibe mdzukulu amene angapise dzanja m'nsapato ya wakufa.

Ntchito imeneyi ndaigwira zaka zambiri, kulekanitsa nsomba ndi mbalame, chokwawa ndi choyamwa, ndipo mzungu wanga amandiyamikira kuti sindisakaniza. Aka ndi koyamba kupanga munthu. Funso limodzi lokha likundivuta: nanga a Wilson akadzatulukira?

Thandizo la bokosi ndi nsalu ndapatsira dalaivala wa thiraki amene wanyamula kalatayi. Achemwali muwauze kuti kalata yawo ndaisunga, koma sindikuiwerenganso.

Ine mwana wanu,
Chipulumutso


Nathenje,
14 Julayi 2024

Achimwene a Chipulumutso,

Tili bwino, kaya inu. Onani pamwambapo, ndalemba Nathenje, ndipo ulendo uno si wodzaona denga.

Alamu anu tinawaika. Anthu anabwera ambiri, ena oti Wilson anawathawa ali moyo. Adzukulu anamasuladi mtolo uja, amenewo sangalephere. Wamkulu wawo anatenga nthiti imodzi, kuiyeza pachifuwa pake, nati, "Ndi yemweyo. Wilson anali wa nthiti zokhuthala, n'chifukwa chake malangizo sankalowa." A Efulemu analankhula nthawi yaitali za ubwino wa malemu, zinthu zoti ine mkazi wake ndinazimva koyamba. Bokosi linapepuka moti onyamula anayenda mowerama dala, kuopa kunyozetsa mtembo.

Funso lanu lija apongozi ayankha. Akuti Wilson akadzabwera adzamugwira dzanja mpaka kumanda, amuonetse mtumbira wake, amuuze kuti wachedwa, m'malo mwake munalowa nguluwe, ndipo pamudzi palibe amene anaona kusiyana.

Tsopano ndikuuzeni chimene sindinayembekeze. Ine ndinapita kumandako ndi nkhope yobwereka, chitenje kumutu, ndikuti ndingolira pang'ono mwa mwambo. Koma dothi loyamba litagunda pabokosi, apongozi, omwewo amene anasankha mafupa ndi zala zawo pamphasa, anaitana mwana wawo kamodzi kokha, ndi dzina la paubwana loti ine sindinalimvepo. Ndinalira, achimwene, kulira kwenikweni, mpaka amayi a mpingo anandigwira uku ndi uku. Ndinalira mwamuna amene ankandiseketsa chaka choyamba cha ukwati, ndinalira Dorica amene ankandikoka chitenje kufunsa ngati bambo ake samva kuzizira m'menemo, ndinalira zaka zanga. Nguluwe ija ngakhale make sakanailira chotero.

Tsiku lometa anandimeta ndi apongozi okha, ndipo sanandicheke ngakhale pang'ono. Kenaka a Efulemu anaimirira pamaso pa anthu n'kunena mawu amene ndakhala ndikuwadikira, kuti ndamasuka, ndikhoza kupita kwathu. A Noah atumiza ankhoswe sabata yamawa. Mudzabwere paukwati, koma pogawa nyama mudzakhale chete.

Pochoka ku Mitundu apongozi anatiperekeza mpaka pamsewu, atandisenzera mtolo wa ziwiya. Ndinawauza kuti ndizibwera kudzawathandiza kulambula pamanda. Anati, "Pamanda ndilambula ndekha, si patali. Iwe pita, usatembenuke."

Galimoto itanyamuka ndinatembenuka. Sankayang'ana ife. Anaima pomwepo, dzanja lili pamphumi, akuyang'ana msewu wochokera ku Dzalanyama.

Ndine mlongo wanu,
Enelesi